Dzina la Abiti Mdoka

Che Ndembo anafika pa mzikiti Loweruka, swala, pemphero la masana, itangotha, anthu atabalalika. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, koma iwo anali atavala jekete. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, namasula chikwama cha mapepala chimene anachimangirira pa kaliyala ndi mphira, nalunjika pakhonde la madrasa pamene panakhala a Shehe Mtalika.

Ine ndinalipo, ndinabwera kudzabweza buku. Ndikutchula zimenezi chifukwa nkhaniyi yakambidwa kambiri m'dera lathu lino la kufupi ndi njanji ya ku Nayuchi, ndipo aliyense woikamba amathiramo mchere wake. Ena amati a Shehe anali atalota kale za mlendoyo. Ena amati analoweza pamtima mabuku makumi anayi. Mabuku awo ine ndinawaona: analipo khumi ndi limodzi, pa thabwa limodzi, awiri atadyedwa ndi chiswe. Chiarabu anachiphunzira bwino ali mnyamata, ndipo chimene sankachidziwa ankanena kuti sachidziwa. Pa nthawiyi maso awo anali atachita ng'ala, kuwerenga anali atasiya. Tsikulo anali ndi lichero pamiyendo, akusankha nandolo wa mbewu ndi zala, wofumbwa akuponya kumbali.

Che Ndembo anagwira ntchito ya ukalaliki ku njanji zaka makumi atatu. Anali munthu wa mapepala, wokhulupirira kuti chinthu chopanda siginecha ndi chidindo sichinachitike. Akazi awo, Abiti Mdoka, anali atamwalira miyezi isanu m'mbuyomo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Latifu, ankagwira ntchito ku Joni, ndipo anafika maliro ataikidwa kale, nabwereranso patatha sabata. Kuyambira pamenepo bambowa ankakhala okha m'nyumba ya zipinda zinayi. Alongo awo anawaitana kuti akakhale nawo, iwo anakana. Oyandikana nawo ankati wailesi inkalira tsiku lonse m'nyumbamo, ngakhale mwini wake ali kudimba.

"Asalamu alaikumu, a Shehe."

"Wa alaikumu salamu. Mawuwa ndi a Che Ndembo. Khalani pampandopo, mkekawu ungakudetsereni jekete."

"Jekete mwaiona bwanji, inu munati maso anakana?"

"Sindinaione. Ndakudziwani zaka makumi atatu. Kunyumba kuli bwanji?"

"Kunyumba kulibe wina woti n'kudwala, a Shehe. Ndikadzuka bwino ine, ndiye kuti onse adzuka bwino."

A Shehe anasuntha lichero, naliika pambali.

"Ndabwera ndi nkhani yabwino ndi yovuta," anatero Che Ndembo. "Latifu wapatsidwa mwana wamkazi Lolemba lapitali."

"Alhamdulillah. Allah amukulitse, akhale woziziritsa mitima ya makolo ake."

"Amina. Mawa ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, tsiku la akika. Mbuzi agula kale, womumeta tsitsi amupeza. Chatsala ndi dzina. Latifu anandiimbira nati, Ababa, mwana woyamba ndi wanu, tchulani. Ndinalemba dzinalo pafoni, ndinatumiza. Yankho lake nali."

Anatulutsa magalasi ndi foni, nawerenga pang'onopang'ono, ngati akuwerenga kalata ya ku likulu.

"Ababa, dzina limeneli sitikulidziwa. Tafufuza pa intaneti, palibe. Pa mndandanda wa mayina a Chisilamu palibenso. Mayi a mwana akuopa kuti mwana adzakhala yekha ndi dzina lachilendo, anzake kusukulu azidzamuseka. Ngati kuli shehe amene angalembe kuti ndi la Chisilamu ndipo tanthauzo lake ndi labwino, tilandira. Apo ayi timutcha Aisha, poti aliyense amalidziwa."

Anavula magalasi. "Ana a masiku ano, a Shehe. Bambo akanena, amakafunsa kaye foni ngati bamboyo wanena zoona."

"Aisha ndi dzina labwino," anatero a Shehe.

"Sindikukana. Koma pamudzi pathu pokha a Aisha alipo asanu ndi mmodzi. Ukaitana mmodzi, amatembenuka onse. Ndiye ndakuchepetserani ntchito. Kalata ndalemba kale, ndakataipitsa pa sitolo paja. Chofunika ndi dzanja lanu ndi chidindo cha mzikiti. Ndiijambula pafoni, dzuwa lisanalowe ikhala itafika."

"Werengani, ndimve zimene ndanena."

Che Ndembo anatambasula pepalalo, nakonza kukhosi.

"Ine Shehe Mtalika ndikuchitira umboni kuti... dzinali ndi la Chiarabu chenicheni, ndipo tanthauzo lake ndi kuwala kosazima. Kalekale... dzinali linali la mfumukazi ina yoopa Mulungu, imene inalamulira ku gombe la nyanja ya mchere. Kumayiko a Aluya... dzinali ndi lotchuka, ndipo limapatsidwa kwa ana a mafumu."

"Kalata yokoma," anatero a Shehe. "Mfumukaziyi munaiwerenga m'buku liti?"

"Sindinaiwerenge m'buku. Koma dzina lotere silingangochokera patchire."

"Ndamva. Pali chinanso. Masiku ano makutu ndiwo maso anga. Katatu konse mwafika penapake, mwaima pang'ono, kenako mwati 'dzinali'. Papepalapo palembedwa 'dzinali'?"

"Palembedwa dzina lenilenilo."

"Nanga bwanji simunaliwerenge?"

Che Ndembo anatembenukira kwa ine, nanditambasulira pepalalo. "Aphunzitsi awa akuwerengereni, maso awo akadali abwino."

Ndinatambasula dzanja, koma a Shehe anamva kukhwekhwereza kwa pepala. "Aphunzitsi, bwezani dzanja. Dzina labwera ndi mwini wake. Che Ndembo, ndi la ndani?"

Mlendoyo anayang'ana njinga yake pansi pa mtengo paja. Anayankha mawu atatsika.

"La amake Latifu."

"Latifu munamuuza kuti ndi la mayi ake?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Ndinkati akangoliona alizindikira. Ndinalituma lokha, lopanda mawu ena, ndikuganiza kuti aimba akulira. Ndinakhala ndi foni m'manja mpaka nsima inazizira. Ndiye yankho n'kubwera loti sitikulidziwa."

Kwa amene sanakulire kwathu kuno ndifotokoze pang'ono. Mtsikana akakula, dzina lake la paubwana limapumula. Amatchedwa ndi dzina la bambo ake: Abiti Mdoka ndiye kuti mwana wamkazi wa Che Mdoka. Akabereka amatchedwanso ndi dzina la mwana, amake uje. Mwamuna wa ulemu wake satchula mkazi wake dzina, ndipo mwana sayerekeza n'komwe. Ndi mwambo wa ulemu, ndipo sindikuunyoza. Masiku ano ukutha, koma pa anthu a msinkhu wa Che Ndembo unali wolimba. Mayi ankatha kukhala pamudzi zaka makumi asanu, akudziwika kwa aliyense, dzina lake lenileni likudziwika kwa anthu atatu okha. Anthu atatuwo akamwalira, dzinalo linkatsala mwa mwini wake, ngati ndalama yakale imene sigulanso kanthu.

"Sanalimvepo m'nyumba mwanu?" anafunsa a Shehe.

"Akanalimva kwa ndani? Ine ndinkati amake Latifu. Asanabadwe iyeyo ndinkati Abiti Mdoka. Ku chipatala, ku mavoti, ngakhale pa chiphaso cha boma, analembetsa Abiti Mdoka. Pamaliro inu nomwe munalengeza Abiti Mdoka. Ine mwini ndinalimva kawiri kokha. Koyamba pa tsiku la nikaha, pakamwa pa shehe amene anatimangitsa ukwati. Kachiwiri apongozi anga aakazi ali pafupi kutsirizika, anaitana mwana wawo ndi dzina limeneli, iye n'kuthamanga ngati kamtsikana. Zaka makumi anayi ndi zitatu za ukwati, kawiri."

"Ndipo pakamwa panu?"

"Sindinalitchulepo. Tsopano ndikamuuza Latifu kuti sadziwa dzina la mayi ake, andifunsa kuti wolakwa ndani. Ndiyankha chiyani? Bola kalata. Kalata ilibe manyazi."

"Mwina. Koma ine sindingachitire umboni dzina limene sindinalimve. Aphunzitsiwa akaliwerenga, ndimva zilembo. Ndikufuna ndimve dzina."

Sindikokomeza kuti misozi inagwa, chifukwa sindinaione. Chimene ndinaona n'chakuti Che Ndembo anavula chipewa, nachiika pabondo, nachivalanso. Kenako ananena motsitsa, ngati munthu woitana wina amene ali m'chipinda china ndipo safuna kudzutsa ana.

"Nuwesa."

Aka kanali koyamba kuti ine ndilimve dzinali. Chiyambire tsikulo ndalimvanso pa munthu mmodzi yekha.

"Nuwesa," anabwereza a Shehe. Analitchulanso kachiwiri, pang'onopang'ono. "Anawatcha ndani?"

"Bambo awo. Che Mdoka anakagwira ntchito m'minda ya khonje ku Mozambiki, kufupi ndi nyanja, ulendo wapansi. Anabwerako ndi bokosi la malata ndi dzina limeneli. Bokosi lilipobe kwathu. Kumene analitenga dzinalo sanauze munthu."

A Shehe anagwedeza milomo pang'ono, monga ankachitira akamafufuza mawu m'mutu mwawo.

"Che Ndembo, ndikuuzani zimene ndili nazo, ndipo ndi zochepa. M'mabuku amene ndinawerenga mulibe. Ndakhala ndikuitanidwa ku akika zaka makumi anayi, kuchokera ku Ntaja mpaka kumalire, sindinakumane nalo. Mwina ndi la Chiarabu limene malilime a ku gombe analipinda. Mwina ndi la anthu a kumeneko. Mwina linali la mayi wina amene anawapatsa madzi Che Mdoka panjira. Kuwala m'Chiarabu ndi nuru. Dzinali layamba ngati likupita komweko, koma silinafike, ndipo sindingalikoke ndi chingwe. Tanthauzo lake sindilidziwa."

"Ndiye ndi loletsedwa?"

"Ayi. Chisilamu sichinalamule kuti dzina likhale la Chiarabu. Chinakana dzina la tanthauzo loipa, ndi dzina lonena kuti munthu ndi kapolo wa wina wosakhala Allah. M'ziyankhulo zimene ndimadziwa, Nuwesa silinena choipa chilichonse. Zimenezi ndingalembe ndi kudinda. Ndilembanso kuti gwero lake sindilidziwa. Za mfumukazi ndi ana a mafumu sindingalembe."

Nkhope ya Che Ndembo inasintha. Ukalaliki unabwerera m'mawu awo.

"Pepani a Shehe, koma kalata yonena kuti sindidziwa ndi kalata yanji? Zaka makumi atatu ku njanji sindinadindepo pepala lonena kuti sindidziwa. Ana ajawa adzaseka. Adzati ngakhale shehe walephera."

"Ku njanji munali ndi sikelo. Thumba limene simunaliyeze munkalemba kulemera kwake?"

"Ayi."

"Inenso ayi."

"Koma apa palibe amene aberedwe! Kabodza kakang'ono ngati aka kapweteka ndani? Mfumukaziyo sidzabwera kudzadandaula." Anaima pang'ono, mawu aja n'kugwanso. "Ndatsala ndekha wolidziwa, a Shehe. Abale awo onse anatha. Ndikagona ine, dzinali lagona. Ndinalisunga zaka zonsezi ngati ulemu, lero ndikuona ngati ndinalikwirira mwini wake akadali moyo."

"Simunalakwe, munachita monga anachitira makolo anu," anatero a Shehe. "Koma mwafunsa kuti kapweteka ndani. Kapweteka mwanayo. Adzakula ndi foni m'manja ngati bambo ake. Tsiku lina adzafufuza mfumukazi ija, sadzaipeza. Adzadziwa kuti agogo ake ndi shehe wa kumudzi anagwirizana kumunamiza, ndipo dzinalo adzalivula ngati nsalu yobwereka. Kapwetekanso wina. Mukaika mfumukazi patsogolo, mayi amene anakhalako ndithu abisika kumbuyo kwa mayi amene sanakhaleko. Mudzakhala mutawakwirira kachiwiri."

Che Ndembo anatsitsira kalata ija pabondo.

"Tisiye mfumukazi. Ndiuzeni za Nuwesa."

"Mumawadziwa kale."

"Ndimadziwa Abiti Mdoka, amene ankadutsa apa ndi ndowa. Za Nuwesa wodziwa ndinu."

Poyamba anayankhula mouma, ngati akupereka lipoti. Anati sankadziwa kulemba ngakhale chilembo chimodzi, koma sitima ikamabwera ankadziwa ndi khutu ngati mabogi ali ndi katundu kapena ali opanda, ndipo sankaphonya. Anati tiyi ankamwa wopanda shuga koma wa alendo ankathira masipuni atatu. Kenako anaseka mwadzidzidzi, kuseka kwa munthu amene wakhala nthawi osaseka.

"Akakwiya ankanditcha a Chidindo. Ndikachedwa kubwera kudzadya, ankaima pakhomo n'kunena kuti, a Chidindo, chakudya chapsa, kapena mukufuna ndichite kulemba kalata?"

A Shehe anaseka nawo. Inenso ndinaseka.

"Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki," anapitiriza Che Ndembo, "anthu othawa ankatsika pa siteshoni pathu. Mayi wina anafera pabenchi. Panalibe womudziwa, ngakhale dzina lake. Ine ndinatanganidwa ndi kulemba lipoti. Amake Latifu anaitana amayi awiri, anamunyamulira kuseri kwa nyumba yathu, anamusambitsa. Sanda panalibe, ndiye anatenga nsalu yoyera imene ndinali nditangogula kuti telala andisokere mkanjo wa pa Idi. Ndinakalipa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, inu mudzapita ku Idi ndi wakale, uyu kumene akupitaku alibe wakale. Kuyambira pamenepo amayi a dera lino akamwalira, anthu ankathamangira kwathu. Zaka zoposa makumi awiri akusambitsa maliro, osalandira ngakhale sopo."

"Ndikudziwa," anatero a Shehe. "Akazi anga anasambitsidwa ndi manja omwewo. Chiyambire maliro a amake Latifu ndimawatchula m'duwa, pempho langa kwa Allah la pambuyo pa swala, kuti Abiti Mdoka. Allah amawadziwa, sasokonezeka ndi mayina athu. Komabe lero mwandipatsa dzina lawo. Zikomo."

Anafufuza lichero ndi dzanja, naliikanso pamiyendo.

"Zimene mwandiuzazi Latifu akuzidziwa?"

"Za a Chidindo akudziwa. Za nsalu ija anali wamng'ono."

"Ndiye mwabwera kudzafuna tanthauzo kwa munthu amene alibe, pamene amene muli nalo ndinu. Intaneti ikudziwa mayina amene anthu ambiri analemba. Ili silinalembedwe, linangokhala m'nyumba mwanu likugwira ntchito."

Che Ndembo anapinda kalata ija kanayi, naiika m'thumba la jekete. Anatenga foni, naiyang'ana, osaikhudza.

"Nanga akakana?"

"Akakana, akana. Ufulu wotcha mwana ndi wa bambo ake. Latifu anakupatsani mwaulemu, ndipo akhoza kuutenganso popanda tchimo. Akatero mudalitse Aisha ndi mtima wonse, musamuyang'ane ngati wolanda malo. Koma pakadali pano mwana wanu sanakane dzina la mayi ake. Anakana zilembo zisanu ndi chimodzi zimene zinafika pafoni zopanda mwini. Musalembenso. Imbani, amve mawu anu, ndipo mulitchule monga mwalitchulira pano."

"Manyazi, a Shehe. Mwana wanga yemwe."

"Manyazi munawasunga zaka makumi anayi ndi zitatu. Akwana."

Che Ndembo anaimirira, nayenda mapazi awiri kulowera ku mtengo wa mango kumene foni imagwira bwino. Kenako anatembenuka.

"Koma apongozi angawo, akazi a Latifu, ali ndi mfundo. Mwana adzakhala yekha ndi dzina limeneli. M'kalasi monse, mwina m'dziko lonselo. Ine kukhala wekha ndikukudziwa tsopano, sindingakufunire khanda. Ndiwayankha chiyani?"

A Shehe anatola nandolo mmodzi, namupapasa ndi zala, namuika kumbali ya wabwino.

"Musawatsutse, mantha awo ndi a mayi. Dzina lopanda munthu kumbuyo kwake limalemera pamutu pa mwana. Muwauze za sitima, za tiyi, za nsalu yoyera ija. Mukatha muwauze kuti mwanayo sadzakhala yekha. Adzakhala wachiwiri."